Mbuzi Zimene a Ellard Anazinga Okha

A Ellard Kachingwe anafika ku Katuli m'chaka cha 1994 ali ndi sutikesi yamalata, mkazi wawo mayi Keti, ndi Baibulo lachikuto chakuda. Kwawo kunali ku Ntcheu. Boma linawatumiza kudzaphunzitsa Sitandade 6. Anzawo amene anakwera nawo lole imodzi anapempha kusamutsidwa mvula yoyamba isanathe, chifukwa msewu wa kuno ukanyowa umasanduka phala. Iwo sanapemphe. Ankati khasu silisankha munda. Anaphunzitsa mpaka kupuma pa ntchito, namanga nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa sukulu, pakati pa mabanja a Chisilamu. Mpingo wawo unali wa anthu osapitirira makumi anayi: aphunzitsi, azaumoyo, apolisi awiri ndi akazi awo. A Ellard ndiwo anali mkulu wa mpingowo.

Malamulo a Mulungu ankawasamala ngati mazira oti nkhuku ifungatire. Vuto lake, mazira osamalidwa bwino amaswa anapiye. Malamulo khumi aja atakhalitsa m'manja mwa a Ellard anaswana.

Lamulungu sankakwera kabaza, kuopa kugwiritsa ntchito mwana wa mnzawo pa tsiku lopuma. Ankayenda pansi kupita kutchalitchi, manja kumbuyo, mayi Keti akuwatsatira atasenza dengu la mabuku a nyimbo. Pobwerera mayi Keti omwewo ankasonkha moto, kuphika ndi kutsuka mbale. Lamulo la kupuma linkathera pakhomo la khitchini.

Lolemba sankagula nsomba asanafunse tsiku limene zinagwidwa. Wogulitsa woyamba, mmodzi wa aja amakwera nazo phiri pa njinga zamoto kuchokera kunyanja, ananena zoona kuti ndi za dzulo, ndipo a Ellard anatembenuka osagula. Nkhaniyo inazungulira msika. Kuyambira pamenepo nsomba zonse za Lolemba ku Katuli zinali zogwidwa Loweruka, ngakhale zija zamakha ofiira, maso ali mbee. A Ellard ankabwera nazo kunyumba akudabwa mmene Mulungu amasungira nsomba yogwidwa pa tsiku loyenera.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ngakhale owaseka ankachivulira chipewa. A Ellard sankanama. Munthu wofulumira sankawafunsa kuti adzuka bwanji, ankangokweza dzanja, chifukwa akafunsidwa ankayambira bondo, kukwera kumsana, mpaka dzino lakumanzere. Mayi Keti anasiya kale kuwafunsa ngati nsalu yatsopano ikuwakhala. Koma anthu awiri akakangana za mbuzi imene yadya chimanga, kapena za amene anayamba kutukwana pachitsime, wina akangoti anena ndi a Ellard, mkangano unkathera pomwepo. Msilamu ndi Mkhristu yemwe ankawatenga mawu awo ngati sikelo yosabera.

Oyandikana nawo nyumba anali che Uladi ndi akazi awo a Asiatu. Ubale wa nyumba ziwirizi sunayambe ndi moni. M'mwezi wa Febuluwale 1997, mlatho wopita kuboma utakokoloka, mayi Keti anabereka mwana wamkazi, Fortunate, kenaka anagwidwa malungo aakulu ndipo mkaka unauma. A Asiatu anali ndi khanda lawo la miyezi iwiri. Sanafunse munthu. Analowa m'nyumba, kunyamula mwana wolirayo, kumuika kubere lina. Anatero miyezi inayi. Fortunate anakula akuti mayi Keti ndi amayi, a Asiatu ndi amama, ndipo onse ankayankha.

Kuno kuli mwambo umene palibe anaulemba. Mkhristu akafuna kupha nkhuku kapena mbuzi, amaitana Msilamu kuti azinge, kuti mnansi aliyense wolowa pakhomo adye osafunsa. Nyama yosazingidwa mwa njira yawo Msilamu saigwira, amati ndi nyamafu. Nkhuku zonse zimene zinadyedwa kwa a Ellard m'zaka makumi atatu zinadutsa pa mpeni wa che Uladi. Mpeniwo unkakhala wokulungidwa m'kansalu koyera, ndipo sunkadula china chilichonse. A Ellard sanaganizepo za nkhaniyi. Kunena zoona ankayamika, chifukwa magazi ankawachititsa chizungulire.

Mu Juni chaka cha 2023 kunabwera mlaliki wochokera ku Lilongwe kudzachititsa chitsitsimutso cha masiku atatu. Dzina lake linali Brian, koma ankafuna kutchedwa Mtumiki. Anali mnyamata wa nsapato zoyera, ndipo Baibulo lake linali m'foni. Anafikira kwa a Ellard. Tsiku loyamba anadya nkhuku yathunthu kupatula mutu, nayamikira kuti nkhuku za kumudzi ndiye nkhuku. Tsiku lachiwiri analalikira kuti Akhristu a ku Katuli ali m'tulo. Anati kwalembedwa kuti nyama ya mwana wa Mulungu isadutse pa mpeni wa munthu wa chipembedzo china, ndipo amene amalola zimenezo amameza matemberero pamodzi ndi msuzi. Mawu oti kwalembedwa anawabwereza kasanu, akumenya gome.

Anthu ena anavomera amen, napita kwawo kukadya zimene amadya masiku onse. A Ellard anapita kwawo mtima ukuwawa. Zaka zonsezi ali mkulu wa mpingo, lamulo lathunthu linawadutsa bwanji osaliona? Anafuna kufunsa Mtumiki pamene linalembedwa, koma kufunsa kukanaonetsa kuti sakudziwa, ndipo mkulu wa mpingo wa imvi safunsa vesi kwa mwana wa nsapato zoyera. Anangolitenga lamulolo n'kuliika pamodzi ndi anzake.

Miyezi itatu sanadye nyama. Mayi Keti akafunsa, ankayankha kuti mtima wawo sukufuna, zomwe zinali zoona. Zikanatha choncho mwakachetechete pakanapanda ukwati.

Fortunate, amene tsopano anali namwino, ankakwatiwa mu Seputembala ndi mphunzitsi wa ku Chowe. Ukwati unali wodalitsira kutchalitchi Loweruka m'mawa, madyerero pabwalo la sukulu masana. Oitanidwa a mpingo ndi akuchimuna anali ngati makumi asanu. Anansi, amene saitanidwa chifukwa ukwatiwo ndi wawo, ankayembekezeka kupitirira mazana awiri. Panakonzedwa mbuzi zitatu. Ziwiri anagula a Ellard. Yachitatu inali mphatso ya che Uladi, tonde wofula wamathothomathotho amene anamunenepetsa ndi madeya chaka chathunthu, akuti ndi wa mwana wa m'nyumba mwawo. Anagwirizana kuti che Uladi adzazinga zonse Lachisanu akatuluka kumzikiti.

Lachisanu m'mawa lole inabweretsa tenti, mipando ndi zokuzira mawu kuchokera kuboma. Woyendetsa anali bambo wa kofiya dzina lake che Sadik. Anamwa tiyi, natembenuka cha m'ma leveni. Amayi onse anapita kutchalitchi kukalangiza mkwatibwi. Dzuwa litafika pamutu, mawu oitanira anthu ku swala anamveka, ndipo amuna a m'mudzi anatsika kumzikiti ndi mikanjo yawo. Pakhomo panatsala a Ellard ndi mbuzi zitatu zomangidwa pamtengo wa mango.

Anaona kuti Mulungu wawatsegulira mpata. Pa ukwati wa mwana wake mkulu wa mpingo sangakane nyama pamaso pa anthu, komanso sangadyetse mpingo matemberero. Za anansi mazana awiri aja, maganizo awo anafikako ndithu, koma anangoti womvera safunsa za mawa. Anavula jekete, kupinda malaya, kutenga mpeni umene mayi Keti amadulira maungu, napemphera mwachidule.

Mbuzi yoyamba inafa, koma sinafe msanga. A Ellard anayamba nyimbo ya m'buku kuti kulira kwake kusamveke kumzikiti, ndipo anafika ndime yachinayi. Yachiwiri anaigwira maso atatsinzina, mwakuti mpeni unkafika pena pakhosi, pena paphewa. Che Uladi salola mbuzi kuonerera inzake ikuzingidwa, amaipititsa kuseri. A Ellard sankadziwa zimenezo. Tonde uja anaona zonse kuyambira ndime yoyamba. Ataona bambo wa malaya ofiira akutembenukira kwa iye, anadula chingwe, kulumpha mpanda, ulendo wa kuthengo. A Ellard sanamuthamangitse. Anapita kuseri kwa nkhokwe kukasanza.

Mayi Keti anabwera patsogolo pa anzawo kudzatenga zitenje. Anaima pakhomo la mpanda nthawi yaitali.

“Bambo a Fortunate, mwachita chiyani?”

“Ndamvera Mulungu.”

“Mulungu wake anakuuzaninso chimene abiti adye mawa?” Abiti ndi mmene mayi Keti ankawatchulira a Asiatu.

A Ellard anati kwalembedwa. Mayi Keti anafunsa kuti pati. A Ellard anati kwalembedwa basi, ndipo mkazi sayenera kutsutsa mwamuna wake pa za chikhulupiriro. Mayi Keti anayamba kuwerengera zimene zingatheke. Mbuzi zina sizikanapezeka tsiku lomwelo, tsiku la msika linali litapita, ndipo ndalama zonse za ukwati zinali zitathera ku tenti ndi mpunga. Anathamanga kukaitana a Willard, mlonda wa pasukulu yemwe anali wa mpingo wawo, kuti asende msangamsanga. Anathira mchenga pamagazi. Amuna awo anawalowetsa m'nyumba kukasintha malaya.

Nthawi ya thuu koloko che Uladi analowa, mkanjo woyera, kansalu ka mpeni m'khwapa. Anapeza mbuzi ziwiri zikulendewera pamtengo, zosendasenda. Asanafunse, mayi Keti anawachingamira ndi mawu okoma. Anati che Sadik, woyendetsa lole uja, ataona kuti ntchito ndi yambiri anadzipereka kuzinga asananyamuke, munthu wabwino kwambiri, ndipo tonde anadula chingwe n'kuthawa. Theka la nkhaniyo linali loona.

Che Uladi anayandikira, nayang'ana pakhosi pa mbuzi yoyamba. Anayang'ananso mitu imene inali m'beseni. Anapukusa mutu pang'ono nanena kuti che Sadik ameneyo ali ndi dzanja lolemera, mwina anazolowera kumasula matayala. Kenaka anatembenukira kwa a Ellard, amene anali atakhala pakhonde ndi malaya oyera. Sanawafunse. Munthu safunsa mnzake wa zaka makumi atatu ngati mkazi wake akunama.

“Popeza aphunzitsi muli pomwepa ndipo simukutsutsa, ndikauza anthu kuti adye.”

A Ellard anatsokomola, nayang'ana nyerere imene inkadutsa pa simenti. Che Uladi anadikira pang'ono, nabweza mpeni m'khwapa, natsazika.

Madzulo onse a Ellard anali m'bwalo la milandu la mumtima mwawo, iwo eni ali woweruza, ali womangidwa, alinso loya. Loyayo anali waluso. Anati lamulo limaletsa kunena bodza, ndipo iwo sananene kanthu. Milomo yawo inali yoyera. Amene analankhula ndi mkazi, ndipo si koyamba m'mbiri ya dziko kuti mkazi alakwitse zinthu pa nkhani ya chakudya. Kutsokomola si umboni. Woweruza anavomereza kuti mlandu palibe. Koma womangidwayo atamasulidwa sanathe kudya.

Mayi Keti nawo chikumbumtima chinawafikitsa penapake. Pogawa ntchito Loweruka m'mawa, miphika ya nyama anaipereka kwa amayi a mpingo okhaokha, kuti mnansi asalawe mchere. Kwa anansi anapereka miphika ya mpunga, nyemba ndi kabichi. Anati n'chifukwa choti amayi a kuno ndiwo amadziwa mpunga, zomwenso zinali zoona.

Ukwati unadalitsidwa bwino. Mtumiki Brian anatulukira ndi akuchimuna, nsapato zake zomwe zija, ndipo anapatsidwa mpando kutsogolo. Pabwalo la sukulu munthu sakanaponya singano. A Asiatu anakhala pambali pa mayi Keti, nsalu imodzi, mpango wawo wobiriwira utaphimba mutu ndi mapewa. Pa perekaniperekani anavina kuposa mayi wobereka. A Ellard anavina mmene mkulu wa mpingo amavinira, mapazi okha.

Akubwerera kumpando anamva amayi awiri akunong'onezana kumbuyo. Wina anafunsa kuti wazinga ndani, poti che Uladi sanazinge. Mnzakeyo anati ndi mlendo wa kuboma, sakumudziwa, koma aphunzitsi avomereza. Wofunsayo anati basi, ngati ndi aphunzitsi palibe nkhani.

A Ellard anakhala pansi. Loya uja anayesa kulankhula koma mawu ake anali atachepa. Anaona mabeseni a nyama akutuluka kukhitchini, mzere wa ana, mzere wa amayi, mbale zapulasitiki zikuyenda m'manja. Palibe mmodzi mwa anthu amenewo amene ankalandira mbale chifukwa cha che Sadik. Chimene chinkagawidwa m'mbalemo linali dzina lawo, limene analiweta zaka makumi atatu monga che Uladi anawetera tonde.

Mwambo unali woti aliyense adikire kufikira mkwatibwi atapereka mbale yoyamba. Fortunate anadzuka, kukweza diresi lake kuti lisakwawe m'fumbi, kutenga mbale ya mpunga ndi chiwindi pamwamba. Anadutsa mayi ake omubereka, amene anamukodola ndi maso kuti apitirire. Anagwada pamaso pa a Asiatu. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. A Asiatu anasamba m'manja, kutchula dzina la Mulungu chapansipansi, natambasula dzanja kulinga pachiwindi.

A Ellard sanadziwe nthawi imene anadzuka. Anangozindikira kuti aima pamenepo, dzanja lawo litagwira m'mphepete mwa mbale.

“Musadye, abiti. Mbuzizi ndinapha ndine.”

Sanakweze mawu, koma wa zokuzira mawu anali atazimitsa nyimbo kuti anthu adye, ndipo mawuwo anayenda okha kuchoka mphasa ina kufika ina. Mbale zinayamba kutsikira pansi. Mayi wina analanda fupa m'manja mwa mdzukulu wake. Mayi Keti anaphimba nkhope ndi chitenje. Fortunate anakhalabe chogwada, akuyang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba.

A Asiatu anabweza dzanja, nalipukuta pang'onopang'ono ngakhale silinakhudze kanthu. Anafunsa chifukwa chake. A Ellard, popeza anali atayamba kunena zoona, sakanatha kuimira panjira. Anafotokoza zonse: za chitsitsimutso, za mpeni wa munthu wa chipembedzo china, za matemberero a mumsuzi. Ananena pamaso pa che Uladi, amene anali ataima chapafupi. Mtumiki Brian pa nthawiyo anali ndi uthenga wofunika kwambiri m'foni mwake.

A Asiatu anafunafuna masilipasi awo ndi phazi. Amayi a m'mudzi ataona zimenezo anayambanso kufunafuna awo. Aliyense ankadziwa kuti mayi ameneyu akangodzuka, bwalo lonse lidzuka, ndipo ukwati wa Fortunate udzakumbukika ngati ukwati umene mudzi unachoka ndi njala. Fortunate anaika mbale pansi, nagwira mwendo wa a Asiatu. Anangoti amama.

“Aphunzitsi,” anatero a Asiatu, “mpeni wa amuna anga mwauona kuti ndi wodetsedwa. Chabwino. Nanga mwana uyu? Anayamwa bere la Msilamu miyezi inayi. Mkakawo uli m'mafupa mwakemu. Muuchotsa ndi chiyani?”

A Ellard anafufuza m'malamulo awo onse, khumi aja ndi anapiye ake, osapeza loyankhira. Anati sakudziwa. Anati alakwa. Mawu amenewa anali asanawatchulepo pagulu, ndipo anatuluka ngati chitseko chadzimbiri.

Che Uladi ndiwo analankhula. Anati iwo dzulo anaona khosi lija, ndipo ngakhale fisi amadula mwaulemu kuposa pamenepo. Koma anadziuza kuti maso a nkhalamba amanama, aphunzitsi sanama. Kenaka anati tonde uja anamupeza m'mawa pakhomo la khola lawo, atabwerera yekha kwawo ngati mkazi wothawa banja, ndipo ali chimangire. Ngati eni ukwati akufuna, mpeni uli pafupi. Koma zili kwa abiti.

Maso onse anapita kwa a Asiatu. Anayang'ana mutu wa Fortunate umene unali pamaondo awo, nakonza kaduwa kamene kanapendekeka m'tsitsi. Anatulutsa phazi limodzi m'silipasi.

“Abwere naye. Koma miyendo agwire ndi iwowa.”

Motero anthu a ku Katuli anaona chimene sanachionepo: mkulu wa mpingo, suti yakuda, duwa pachifuwa, atagwada m'fumbi kuseri kwa kalasi, atagwira miyendo ya mbuzi. Tonde atawazindikira anayamba kuphupha, ndipo che Uladi anachita kumunyengerera ndi mawu a Chiyao. Anamumwetsa madzi, kumugoneka moyang'ana kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana popemphera, kubisa mpeni kumbuyo kufikira nthawi yake. Anatchula dzina la Mulungu, nakoka kamodzi. A Ellard anali akukonzekera kuyamba nyimbo mumtima pamene anazindikira kuti zatha kale.

Amayi a m'mudzi anakatenga miphika yawo ndi zipande zawo. Mpunga wotsala m'miphika, nyemba ndi kabichi zinali zosakhudzidwa, chifukwa cha kagawidwe ka ntchito ka mayi Keti. Wa nyimbo anayatsanso zokuzira mawu, anthu navina ndi njala maola awiri. Cha m'ma faifi chakudya chinatuluka kachiwiri. Mbuzi imodzi kugawira anthu mazana awiri, aliyense analandira kachidutswa konga bokosi la machesi. Fortunate anagwadanso. A Asiatu anadya, natenga theka la kachidutswa kawo kumudyetsa mkwatibwi ndi dzanja.

Akhristu makumi asanu anatsala ndi mbuzi ziwiri zathunthu. Nyamayo inali yolimba ngati lamba, ndipo apolisi awiri aja okha ndiwo anamaliza mbale zawo. A Ellard pozungulira kuthokoza anthu anapeza Mtumiki Brian kuseri kwa tenti ali ndi mbale ya mumphika wa anansi, zidutswa zitatu. Anati inayo ikumuvuta mano. A Ellard anaima, ndipo funso limene linawakanika mu Juni linatuluka mosavuta. Anafunsa kuti lamulo lija linalembedwa pati.

Mtumiki anameza kaye.

“Limene lija ndi vumbulutso, bambo. Si zonse zimalembedwa.”

A Ellard anagwedeza mutu, napitirira. Sabata yotsatira analitsegula Baibulo lawo kuyambira tsamba loyamba, akuyenda ndi chala, kuti atsimikize okha, chifukwa sankafuna kutaya lamulo pa mawu a munthu wodzaza m'kamwa. Zinawatengera miyezi iwiri. Sanalipeze. La kukonda mnansi analipeza kangapo, malo ena atalidula kale mzere ndi bolopeni yofiira zaka zambiri zapitazo.

Mayi Keti anakhala masiku anayi osawalankhula. Tsiku lachisanu lake anawauza kuti bodza lawo linali la mphindi imodzi ndipo anapita okha kukapepesa kwa abiti, koma kukhala chete kwa anthu ena kunatenga tsiku lathunthu ndi tenti yobwereka. A Ellard sanatsutse, ndipo ulendo uno kusatsutsa kwawo kunali koona.

A Ellard akadali ku Katuli. Lamulungu sakwerabe kabaza, ngakhale dengu la mabuku tsopano amanyamula okha, ataona kuti palibe pamene palembedwa kuti ndi la mkazi. Lolemba amafunsabe za nsomba, ndipo nsomba zonse zikadali za Loweruka. Dzina lawo silinafe, koma linatsala ndi chipsera. Anthu akakangana amapitabe kwa iwo, kungoti tsopano pali mawu oonjezera. Amati funsani a Ellard, koma mubwerenso mawa lake, chifukwa choonadi chawo chili ngati basi ya ku Katuli: chimafika ndithu, koma si tsiku lomwelo.

Pa Khirisimasi chaka chimenecho, Fortunate ndi mwamuna wake atabwera kudzacheza, a Ellard anagwira tambala, kumuika m'khwapa, kudutsa pampata wa mpanda. Anapeza che Uladi akusoka mphasa pansi pa mtengo. Anapatsana moni, ndipo che Uladi, pokhala ndi nthawi, anamvetsera za bondo, za msana ndi za dzino. Kenaka anayang'ana tambala.

“Lamulo lija latha, aphunzitsi?”

“Silinaliko.”

“Mukutsimikiza, kapena ndidikire mawa?”

A Ellard anati akutsimikiza. Che Uladi anaitana a Asiatu kuti abweretse kansalu koyera kaja ndi madzi m'kapu. A Ellard anagwada, nagwira miyendo asanauzidwe.